Kalebe Alipo, Koma Barizilai Aliponso

Ena muli pakhonde, ena mukupakula nsima, ena mwagona pa bedi la kuchipatala wailesi ili pafupi ndi khutu. Mulungu akukuonani pomwe mulipo. Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi anzanga a imvi. Achinyamata musazimitse wailesi ayi, chifukwa njira imene ife tayenda ndi yomweyo mukubwera nayo, ndipo kumapetoko ndili nanu mawu.

Mawu athu akuchokera malo awiri: Yoswa 14:6-14 ndi 2 Samueli 19:31-39. Mukawerenge nokha mofatsa, ine ndingofotokoza nkhaniyo. M'malo awiriwa muli nkhalamba ziwiri. Wina ali ndi zaka 85, wina zaka 80. Onse ndi anthu a Mulungu, koma zimene anapempha pa ukalamba wawo n'zosiyana ngati dzinja ndi chilimwe.

Kalebe tonse timam'dziwa, ndipo ife a Pentekoste timam'konda kwambiri. Anali ndi zaka 40 pamene Mose anam'tuma pamodzi ndi anzake 11 kukazonda dziko la Kanani. Khumi anabwerako ndi mantha, iye ndi Yoswa anabwerako ndi chikhulupiriro. Patadutsa zaka 45, nkhalambayi inaimirira pamaso pa Yoswa n'kunena kuti mphamvu zake zikadali momwe zinalili tsiku limene Mose anam'tuma, ndipo inapempha dera lamapiri la Hebroni, komwe kunali ziphona zija, ana a Anaki. Anapatsidwa, ndipo anazipirikitsadi. Aleluya!

Uthenga wa Kalebe ndaulalikira kambirimbiri, m'misonkhano ya chitsitsimutso, m'mapemphero a usiku wonse, ngakhale pa wailesi pomwe pano. Ukaulalikira, tchalitchi chimagwedezeka, agogo amaponya ndodo m'mwamba. Koma ndivomereze pamaso panu kuti za Barizilai sindinalalikirepo ndi kamodzi komwe mpaka nditapitirira zaka 65. Ndinkamudutsa ngati mmene timadutsira mayina a m'ndandanda wa mibadwo. Chimene chinandikhazika pansi kuti ndimuwerenge ndi ichi.

Chaka china mu Januwale mpingo wathu unalowa m'kusala kudya kwa masiku 21, monga timachitira poyamba chaka. Nthawi imeneyo n'kuti achipatala atandipeza kale ndi matenda a shuga, ndipo ndinkamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mayi akunyumba anandichenjeza kuti ndikafunse kaye kuchipatala. Ine ndinati, Kalebe anafunsa dokotala uti? Ndinapitiriza kumwa mankhwala aja m'mimba mulibe kanthu, ndikusala mofanana ndi anyamata a zaka 25, ndipo mumtima ndinkafuna aone kuti m'busa wawo sanathe.

Lachisanu la sabata yachiwiri tinali ndi mapemphero a usiku wonse. Cha m'ma 2 koloko ndili paguwa, thukuta lozizira linayamba kutsika, manja kunjenjemera, mawu kusokonekera. Kenaka miyendo inangoti lobodo, ine khu! pansi. Tamverani zimene zinachitika: anthu anakuwa Aleluya. Anaganiza kuti abusa agwa mu Mzimu! Mlongo wina anabwera ndi nsalu kudzandifunditsa, oimba anakweza nyimbo. Munthu mmodzi yekha m'tchalitchi monsemo ndi amene anadziwa chimene chikuchitika, ndiye mayi akunyumba. Anadumpha mabenchi, anasungunula shuga m'kapu, n'kundimwetsa ndisanakomokeretu, kenaka anakuwira akulu a mpingo kuti apeze galimoto.

Kutacha, dokotala wina, mwana woti ndikanatha kumubereka, anandifotokozera mwaulemu kuti mankhwala amene ndimamwa ntchito yake n'kutsitsa shuga m'magazi, ndiye ukawamwa osadya amatsitsa mpaka ubongo umasowa chakudya, munthu n'kukomoka, ena osadzukanso. Atatuluka, mayi akunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Abambo, Mulungu wakupatsani zaka 68, inu mukufuna mumuonetse za 30. Mukufuna kunamiza ndani?" Ndinasowa choyankha. M'masiku amene ndinakhala pakhomo ndikuchira, ndi momwe ndinakumana ndi Barizilai.

Ndinene apa ndisanaiwale: agogo anga amene muli ndi shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi, musanayambe kusala kudya kafunseni kuchipatala, ndipo mankhwala musataye chifukwa choti wina wakuuzani paguwa kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Ine ndimakhulupirira machiritso, ndaona Mulungu akuchiritsa. Koma usiku uja paguwa paja panalibe chikhulupiriro chimene chinkagwira ntchito. Anali matama ovala jekete la kusala kudya.

Tsono Barizilai anali ndani? Anali munthu wolemera kwambiri wa ku Rogelimu, m'dziko la Gileadi, kutsidya kwa Yordano. Timayamba kumuona pa 2 Samueli 17, nthawi yoipitsitsa pa moyo wa Davide. Mwana wake weniweni, Abisalomu, wam'landa ufumu. Mfumu yathawa mu Yerusalemu wapansi, yopanda nsapato, ikulira. Ahitofeli, phungu wake wodalirika, wapita kwa Abisalomu. Simei akuitukwana ndi kuigenda miyala panjira. Itafika ku Mahanaimu, anthu ake atatopa, ali ndi njala ndi ludzu, kunatulukira amuna atatu: Sobi, Makiri ndi nkhalamba yathuyi. Anabweretsa zogonera, mabeseni, miphika, tirigu, barele, ufa, nyemba, uchi, nkhosa ndi zina zochokera ku mkaka. Taganizani, nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti nkhondo ithera mbali iti. Abisalomu akanapambana, mutu wa Barizilai ukanadulidwa. Choncho munthu ameneyu musamuyese wamantha kapena wofooka m'chikhulupiriro. Pa zaka 80 anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha wodzozedwa wa Yehova.

Nkhondo itatha, Abisalomu atafa, Davide akubwerera kwawo, Barizilai anatsika kudzam'perekeza pa Yordano. Pamenepo mfumu inamuitana kuti apite nayo ku Yerusalemu, ikam'sunge kunyumba yachifumu. Abale, ameneyu ndiye timati kukwezedwa! Ikanakhala nthawi yathu ino, tikanamuimiritsa kutsogolo apereke umboni, ife tikuomba m'manja kuti khomo latseguka.

Nkhalamba ija inakana. Ndipo kukana kwake n'kumene kunandigwira mtima, chifukwa sinabise kanthu. Inauza mfumu kuti masiku ake otsala ndi ochepa. Inati lilime lake silimvanso kukoma kwa chakudya ndi chakumwa, makutu ake samvanso bwino oimba akamaimba, ndiye kunyumba yachifumu ikangokhala katundu wolemetsa mfumu. Inapempha kuti ingoperekeza pang'ono, kenaka ibwerere kumudzi kwawo, ikafere pafupi ndi manda a bambo ake ndi mayi ake. Davide sanaidzudzule kuti yavomereza zoipa ndi pakamwa pake. Sanaiuze kuti ikane ukalamba m'dzina la Yehova. Anaipsompsona, n'kuidalitsa, ndipo inabwerera kwawo ndi mdalitso wa mfumu.

Ife tinaphunzitsidwa kuti ukanena kuti maso sakuona bwino, wazikokera wekha. Ukanena kuti mawondo akupweteka, wapatsa Satana malo. Ndiye tili ndi okalamba ambiri m'mipingo mwathu amene amabisa zowawa zawo, akumwetulira Lamulungu, usiku akubuula okha, akudziona ngati Akhristu olephera chifukwa thupi silikuchita za Kalebe. Wondimvera iwe, kukalamba si tchimo ndipo si chiwanda choti tichitulutse. Pa Mlaliki 12 Baibulo lomweli limafotokoza mosabisa za manja onjenjemera, mano otha ndi maso ochita chidima. Mulungu amene anaika nyengo m'chaka anaikanso nyengo m'thupi. Mlimi amene angadzale chimanga mu Juni chifukwa choti ali ndi chikhulupiriro, kumunda kopanda dambo kapena mthirira, tingomumvera chisoni. Mu Juni ndi nthawi yotonola, yokonza nkhokwe, yosankha mbewu.

Koma Barizilai sanangokana n'kutembenuka. Pambali pake panali mnyamata dzina lake Kimhamu. Baibulo silinena mwachindunji pamenepa kuti anali mwana wake, ngakhale ambiri amamva choncho. Nkhalamba ija inamukankhira kutsogolo n'kupempha kuti mwayi umene mfumu inafuna kuipatsa upite kwa iyeyu. Davide anavomera. Kimhamu anaoloka ndi mfumu, Barizilai anabwerera.

Ndipo nkhani sinathere pa Yordano. Davide ali pafupi kufa, pa 1 Mafumu 2:7, analamula Solomo kuti ana a Barizilai awachitire chifundo, azidya pa tebulo la mfumu. Mukapita kutsogolo, pa Yeremiya 41:17, zaka pafupifupi 400 zitadutsa, mupeza malo ena pafupi ndi Betelehemu akutchulidwabe dzina la Kimhamu. Nkhalamba ija ikanaumirira kupita yokha, ikanadya za kunyumba yachifumu mwina zaka ziwiri kapena zitatu, osamva n'kukoma komwe, mwayi uja n'kukwiriridwa nayo limodzi.

Inu a ku Salima, a ku Golomoti ndi m'chigwa cha Bwanje mumaudziwa mtengo wa msangu. Mtengo umenewu umachita zosiyana ndi inzake. Mvula ikayamba, mitengo yonse ikuphuka, msangu umayoyola masamba ake n'kukhala ngati wouma. Mlendo angaganize kuti wafa, n'kuuza mwini munda kuti audule. Koma mlimi wanzeru saudula, amadzala chimanga mpaka patsinde pake. Chifukwa choti wavula masamba, dzuwa limafika pa mbewu zazing'ono zili pansi pake, ndipo masamba anagwa aja amasanduka chonde. Kaoneni chimanga cha pansi pa msangu mmene chimabiriwirira kuposa cha pambali. Ndiye dikirani chilimwe chifike, mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mitengo ina yonse ili mbee, udzu wapsa. Pamenepo msangu uli ndi masamba obiriwira, ng'ombe ndi mbuzi zikuusa pamthunzi pake zikudya nyemba zake zogwa.

Nditaganizira za mtengo umenewu ndinadzifunsa: kodi ine pansi panga pamera chiyani? Ndinapeza kuti pa zaka zonse zija ndinali ngati mango wamkulu pakati pa munda, mthunzi wandiweyani, pansi pake osamera kanthu. Ulaliki wa Lamulungu ndine. Maliro ndine. Ukwati ndine. Ngakhale makiyi a kabati ya ziwiya za Mgonero anali m'thumba mwanga. Panali mnyamata wina amene ndinam'batiza ndekha, wa mphatso yooneka ndi aliyense, atapitirira zaka 40 ndikumutchulabe mwana, ntchito yake kundinyamulira Baibulo ndi kundipukutira mpando. Anzake awiri a msinkhu wake anali atachoka kale kukayambitsa mipingo yawo, ine n'kumalalikira za mzimu wa kuukira. Ena mwa iwo sanali Abisalomu ayi. Anali a Kimhamu amene anaima pa Yordano mpaka kutopa, nkhalamba osawakankhira kutsogolo.

Mulungu anazikonza kale zimenezi m'chilamulo. Pa Numeri 8:24-26, Mlevi ankayamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25, ndipo akafika zaka 50 ankasiya ntchito yolemetsa. Sankathamangitsidwa pachihema, ankakhalapo kuthandiza abale ake ndi kuyang'anira. Sindikunena kuti aliyense wa zaka 50 atule pansi udindo mawa, ife sitinyamula mizati ya chihema m'chipululu. Koma taonani kuti Mwini ntchito ndiye anaika nthawi yoti munthu asinthe katundu. Ndipo ngakhale Kalebe wathu uja, werengani chaputala chotsatira, Yoswa 15. Atatenga Hebroni, panatsala mzinda wa Kiriyati-Seferi. Sanakwere yekha. Analengeza kuti amene akaulande am'patsa mwana wake wamkazi Akisa, ndipo anakaulanda ndi Otiniyeli. Otiniyeli yemweyo ndi amene anadzakhala woweruza woyamba wa Israyeli pa Oweruza 3. Tikamalalikira Kalebe timaima pa chaputala 14 chifukwa m'pamene pali kufuula, chaputala 15 timachisiya.

Tsopano ndikudziwa kuti pali agogo ena akundimvera amene akuti, "Abusa, mukunena za Barizilai wolemera. Ine ndipumule bwanji? Ana anga anatha, andisiyira zidzukulu zisanu. Ndikasiya khasu, adya chiyani?" Amayi anga, inu sindikukuuzani kuti mukhale pansi. Inu ndinu amene mwapatsidwa phiri la Hebroni osalipempha, ndipo pemphero langa ndi loti Mulungu wa Kalebe akupatseni mphamvu zoposa msinkhu wanu. Koma mlandu wanu ndiupereka kwa mpingo. Pa 1 Timoteo 5, Paulo akulangiza za ndandanda ya amayi amasiye a zaka 60 kupita m'tsogolo amene mpingo unkawasamalira, ndipo akunena kuti amene ali ndi ana ndi zidzukulu, a pabanja pawo ayambe ndiwo kuwasamalira. Mpingo woyamba unali ndi kaundula wa amasiye. Ife tili ndi kaundula wa chakhumi, kaundula wa zomangira, kaundula wa mphatso ya abusa. Akulu a mpingo, kafufuzeni m'kabati mwanu ngati muli buku lolembamo okalamba amene denga lawo likudontha. Achinyamata amene mumatha kupemphera usiku wonse, Loweruka limodzi mvula isanagwe mungathe kufolera nyumba ya agogo ndi kuwagalauzira munda.

Ndipo poti ndafika kwa achinyamata, ndilankhule chinthu chimene chimandiwawa. Munthu akakalamba kwambiri, nthawi zina ubongo umatopa monga amatopera maso ndi makutu. Amaiwala mayina a ana ake, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, amatha kudzuka usiku n'kusochera, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni ake, mwina osavala bwino. Ndi matenda, achipatala amawadziwa. Koma m'midzi mwathu tikam'peza chotero timati mfiti yagwa pa ndege. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo omwe, powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphezi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Koma ine sindikulankhula ngati wapolisi, ndikulankhula ngati m'busa, ndipo ndikuti ife alaliki tili ndi gawo pa magazi amenewa. Mnyamata akabwera kuti ntchito sikupezeka, mtsikana akabwera kuti banja silikuoneka, n'chapafupi kumuuza kuti pali agogo ena kumudzi amene anakumanga. Iye amapita kwawo mtima uli chire lopsa. Mayi amene anam'bereka kumbuyo, amene anagulitsa nkhuku kuti iye apite kusukulu, lero samudyeranso nsima. Mtumiki wa Mulungu, usanatchule agogo a munthu m'pemphero lako la kumasula, kumbuka kuti nawenso imvi zikubwera, ndipo ana amene ukuwaphunzitsawo ndi amene adzakupeze utasochera m'mawa.

Amati tsabola wakale sawawa. Mwina n'zoona. Koma mbewu ya tsabola wa chaka chamawa imachokera mwa wakale yemweyo, wouma uja.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ine zinandithera bwanji. Sizinali zophweka, ndisakunamizeni. Nditachira ndinaitana akulu a mpingo, ndipo patatha miyezi ingapo tinam'sanjika manja mnyamata uja. Lamulungu loyamba limene iye analalikira ine nditakhala pa benchi, ndinavutika kuposa tsiku la kuchipatala lija. Ndinkaona zolakwika zokhazokha: vesi ili akanalitenga chonchi, apa wafulumira, apa wachedwa. Anthu atayamba kubwera kutsogolo kudzapereka moyo wawo kwa Yesu, m'malo mokondwera ndinamva kansanje kakundiluma m'mimba. Ine, m'busa wa zaka zonsezi! Ndinapita kunyumba n'kukagwada, ndipo ndinalapa tchimo limene sindinkadziwa kuti ndili nalo. Mpaka lero limabwerabe nthawi zina, makamaka akasintha chinthu chimene ndinachiyambitsa ine. Mayi akunyumba akangoona ndayamba kusuntha pa benchi, amandigwira bondo, ine n'kukhala phee.

Chimene sindinkayembekezera ndi ichi. Kale anthu ankandipeza ndikuthamanga, wofuna kulankhula nane ankapatsidwa mphindi zisanu pakhomo la tchalitchi. Lero ndimakhala pakhonde, ndipo amabwera okha. Banja limene latsala pang'ono kutha limakhala pamkeka mpaka dzuwa kulowa. Mnyamata amene wachotsedwa ntchito amabwera osadziwa n'chimene akufuna kunena. M'busa wathu yemweyo, pamene mwana wake anadwala kwambiri, anagogoda pakhomo panga usiku, ndipo sanabwere kudzafunsa za kayendetsedwe ka mpingo. Anangoti, "Bambo, ndipempherereni, mawu andithera." Ndinam'gwira mutu ngati mwana wanga. Tulo ta ukalamba n'tochepa, 3 koloko m'bandakucha ndimakhala ndili maso. Kale ndinkadandaula nazo. Tsopano ndili ndi kabuku ka mayina pafupi ndi bedi, ndipo ndimawatchula limodzilimodzi mpaka tambala alire. Kusala kudya ndimasalabe, koma mwa njira imene tinagwirizana ndi achipatala, ndipo palibe amene ndimam'pikisana naye.

Tiyeni tipemphere. Agogo, ngati kugwada kukuvuta, khalani momwe mwakhaliramo. Atate wakumwamba, ndikubweretsa kwa Inu amayi ndi abambo anga amene akumva mawu awa. Amene akulera ana amasiye pa ukalamba wawo, apatseni mphamvu ndipo muwatumizire manja owathandiza mvula isanagwe. Amene agwiritsitsa makiyi chifukwa choopa kuiwalika, aonetseni Kimhamu amene waima pambali pawo. Amene atonzedwa ndi kutchulidwa mayina oipa ndi ana awo omwe, atetezeni usiku uno, ndipo mutikhululukire ife alaliki pamene pakamwa pathu panasonkhezera moto umenewo. Amene ali pa bedi la matenda, akhudzeni. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa, Ambuye akalola, tidzatsegula Luka 2 kuti tione za Ana, mneneri wamkazi wamasiye wa fuko la Aseri, ndi Simeoni, nkhalamba ziwiri zimene zinazindikira khanda Yesu m'Kachisi ansembe ali pomwepo osadziwa kanthu. Amene muli ndi agogo opanda wailesi, mudzawatengere yanu. Mugone bwino.